Mukufuna kuyambitsa kalabu ya sayansi ya ana a m'tauni? Yambani ndi chingwe ndi nati

Chaka choyamba cha kalabu yathu ya sayansi, bungwe lina lachifundo linatipatsa maikulosikopu anayi, atsopano, akadali m'mapulasitiki. Tinajambulitsa nawo zithunzi, tinalemba kalata yothokoza, kenako tinawatsekera m'kabati. Anakhalamo miyezi 7. Aliyense ankaopa kuti ana akawagwira awononga, ndipo wosunga kiyi sankabwera Loweruka lililonse. Nthawi yonseyo ana ankabwerabe. Chomwe chinkawakoka chinali chingwe cha mita imodzi, manati akale omwe makaniko wina anatitolera, ndi wotchi ya pafoni.

Anthu ambiri ofuna kuyambitsa ntchito yotere amayamba ndi kulemba mndandanda wa zipangizo zoti akapemphe. Zipangizo zidzabwera. Chovuta n'kukonza zinthu mwanjira yoti mwana aliyense, sabata ndi sabata, agwire chinthu ndi manja ake, ayeze, alakwitse, ayezenso. Nditati ndiyambirenso lero, mumzinda uliwonse, ndingatsate ndondomeko iyi.

1. Sankhani ana, ndipo akhale ochepa

Musanaganize za dzina la bungwe kapena mtundu wa masikipa, dziwani kuti ana ake ndi ati. Mwana wa zaka 8 ndi wa zaka 16 sangakhale patebulo limodzi maola awiri popanda wina kutopa. Poyamba tengani a zaka 10 mpaka 13. Pamsinkhu umenewu amatha kuwerenga rula, kugawa nambala ndi 10, kulemba chiganizo chomveka, koma ambiri sanayambe kudziuza kuti sayansi ndi ya anthu anzeru zobadwa nazo.

Ana 12 mpaka 16 ndi okwana, m'magulu a atatu kapena anayi. Tsiku loyamba padzabwera 40, ndipo mtima udzakuwawani powabweza. Alembeni pamndandanda wa odikira, muwauze tsiku lomwe gulu lachiwiri lidzayambe. Mukawalandira onse, mudzapezeka mwaima kutsogolo mukuchita zodabwitsa ana akuombera m'manja. Chimenecho ndi chionetsero, ndipo chilipo kale chambiri pafoni zawo.

Mukapempha aphunzitsi kuti akupatseni ana, adzakutumizirani okhoza m'kalasi, chifukwa akufuna sukulu yawo ioneke bwino. Auzeni mosabisa kuti mukufunanso uja amamasula wailesi ya kwawo, uja amakhala kumbuyo osayankhula, ndi uja amalephera masamu. Theka likhale atsikana kuyambira tsiku loyamba lenilenilo. Mukati "atsikana tidzawaonjezera mtsogolo," malo adzadzaza ndi anyamata ndipo mtsikana wobwera yekha pakati pa anyamata 14 sabweranso sabata yachitatu. Onse azichokera pafupi, poyenda pansi mphindi 15 kapena kucheperapo. M'tauni, ndalama ya basi ndi msewu waukulu woti awoloke madzulo zimapha makalabu ambiri kuposa kusowa kwa zipangizo.

2. Pezani chipinda

Kalasi yopanda anthu Loweruka, chipinda cha laibulale, holo ya m'dera kapena ya kumalo opemphererako, zonsezi zimatheka. Onani zinthu izi: matebulo oti akanyowa palibe wodandaula, mpopi kapena ndowa ya madzi pafupi, mazenera otseguka, chimbudzi, ndi kabati yotseka. Makiyi a kabati akhale awiri, kwa anthu awiri amene amabweradi. Magetsi si ofunika miyezi yoyamba. Lemberanani kalata ya tsamba limodzi ndi eni malo, yonena tsiku, nthawi ndi wosesa, chifukwa mwini malo akasintha, malonjezo a pakamwa amapita naye. Tsiku ndi ola zisamasinthe.

3. Makolo, ndi chitetezo cha mwana

Gawo ili n'lotopetsa, koma musalidumphe. Pitani mukakumane ndi makolo kapena aitaneni kamodzi kalabu isanayambe. Asaine kalata yovomereza, yokhala ndi nambala ya foni yoti muimbe zinthu zikavuta, matenda omwe mwana ali nawo monga mphumu, ndi momwe azibwererera kunyumba. Za zithunzi mufunse payokha. Kholo likhoza kulola mwana kubwera koma osafuna nkhope yake pa Facebook, ndipo lili ndi ufulu umenewo ngakhale opereka ndalama azikonda zithunzi chotani.

Ikani malamulo ochepa osakambirana. M'chipinda muzikhala akuluakulu awiri nthawi zonse. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana mmodzi chitseko chotseka, asamulembere mauthenga a mseri pafoni, asamuperekeze yekha kutali. Aliyense wodzipereka kuthandiza afufuzidwe monga malamulo a dziko lanu amanenera, ngakhale akhale mnzanu wa kalekale. Ana adziwe munthu amene angamuuze akaona chinthu chosawasangalatsa.

Za kulembetsa bungwe ku boma musazithamangire. Nthawi zambiri n'zotheka kuyamba pansi pa sukulu, laibulale kapena bungwe lomwe lilipo kale, n'kudzalembetsa lanu mukaona kuti ntchito yagwira mizu. Ndaona anthu atatha chaka akukangana za malamulo oyendetsera bungwe ndi udindo wa wapampando, mwana ndi mmodzi yemwe asanagwirepo rula.

4. Bokosi la zipangizo

Ndalama zochepa zomwe muli nazo zipite ku zoyezera: marula, tepi yoyezera, mathemomita angapo opanda mekyule, sikelo yaing'ono, majekeseni opanda singano oyezera madzi, magalasi okuza zinthu, magalasi oteteza maso. Onjezani mabatire a AA, waya, timababu ta LED, maginito, selotepi, sizasi ndi chingwe. Zotsalazo tauni imataya tsiku lililonse: mabotolo apulasitiki, makatoni, zitini, zivindikiro, masipoko a njinga, timota ta m'zoseweretsa zakufa. Arvind Gupta wa ku India watha zaka zambiri akuonetsa ana momwe zinyalala zoterezi zimasandukira mapampu, mamota ndi zoimbira, ndipo mavidiyo ake ali pa intaneti aulere.

Mukamagula, gulani zambiri zotsika mtengo kusiyana ndi chimodzi chodula. Magalasi okuza zinthu 16 amaposa maikulosikopu imodzi yoti ana aziima pamzere kuti aliyense asuzumire masekondi 5. Ngati mukufunadi maikulosikopu, pali Foldscope, yopinda ndi pepala, yomwe Manu Prakash ndi Jim Cybulski anapanga ku yunivesite ya Stanford n'kuilengeza mu 2014. Imakuza chinthu ka 140, imalowa m'thumba, ndipo ikang'ambika palibe amalira.

Chipangizo chofunika koposa ndi kope la mwana aliyense. Ku France, wasayansi Georges Charpak, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1992, anapita ku Chicago kukaona ntchito yophunzitsa sayansi yomwe wasayansi mnzake Leon Lederman ankachita m'sukulu za m'madera osauka, ndipo atabwerera anayambitsa, pamodzi ndi Pierre Léna ndi Yves Quéré, pulogalamu yophunzitsa ana sayansi yotchedwa La main à la pâte, yomwe inafika m'sukulu mu 1996. Pa mfundo zawo 10, ziwiri ndimazigwiritsa ntchito mpaka lero: mwana aliyense azisunga kope la zoyesa zake, lolembedwa m'mawu akeake, ndipo mutu umodzi uzitenga maola osachepera awiri pasabata kwa masabata angapo. Makopewo azitsala m'kabati. Akapita nawo kunyumba, theka limabwerako litasanduka kope la homuweki.

5. Tsiku limodzi la kalabu liziyenda chonchi

Ndifotokoza phunziro limodzi mwatsatanetsatane, chifukwa mukalimvetsa, ena onse amamangidwa chimodzimodzi. Ndi la katungwe wa nati: chingwe chomangirira m'mphepete mwa tebulo kapena pamsomali wa pakhomo, kumapeto kwake nati.

Yambani ndi funso, osati tanthauzo. Kankhani natiyo pang'ono, ilendewere uku ndi uku, mufunse: "N'chiyani chingachititse kuti izipita ndi kubwera mofulumira?" Aliyense alembe yankho lake m'kope asanagwire kanthu. Musalole kuti angoyankha pakamwa, chifukwa wolankhula kwambiri akayamba, ena onse amangoti "inenso." Ambiri adzalemba kuti kulemera. Ena adzati kukankha mwamphamvu. Mmodzi kapena awiri adzatchula kutalika kwa chingwe, mwamanyazi.

Kenako agawane ntchito: womasula nati, wowerenga, wogwira wotchi, wolemba. Ntchitozi zizisinthana pa mayeso aliwonse, apo ayi wotchi imakhala ya mnyamata wamtali uja mpaka kalekale ndipo mtsikana amasanduka mlembi wa gulu. Asiyeni ayambe momwe akufunira. Adzayeza ulendo umodzi, wina n'kupeza sekondi 1.7, wina 2.3, n'kuyamba kunenana kuti wina ndi wabodza. Apa m'pamene mumalowererapo ndi funso: "Chala chimachedwa pang'ono podina wotchi. Tingatani kuti kuchedwako kusatisokoneze?" Mukadekha, wina adzanena yekha kuti awerenge maulendo ambiri. Maulendo 10 opita ndi kubwera, n'kugawa ndi 10, kubwereza katatu. Mwana amene watulukira yekha chifukwa chobwerezera muyeso sadzaiwala.

Lamulo limodzi lokha muwapatse: sinthani chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwe zinalili. Chingwe cha mita imodzi ndi nati imodzi chimatenga pafupifupi masekondi 20 pa maulendo 10. Ndi manati atatu, masekondi 20 omwewo. Ana sakhulupirira. Mnyamata wina pagulu lathu anakalipa ndithu, nati foni yanga ndi yakutha. Sindinatsutsane naye. Ndinamuuza akabwereke ina. Anabwereza kanayi, kenako anakhala chete akuyang'ana manatiwo ngati amupereka. Chenjerani ndi kamsampha kamodzi: ana amakonda kulumikiza manati motsatizana, ina pansi pa inzake, ndipo akatero atalikitsa katungwe osadziwa. Manati onse amangidwe pamfundo imodzi, ndipo kutalika kuziyezedwa kuchokera pomwe chingwe chamangidwa kufika pakati pa cholemeracho. Pomasula, asakokere nati kutali kwambiri.

Akasintha kutalika, zinthu zimasintha. Chingwe cha masentimita 25 chimatenga pafupifupi masekondi 10 pa maulendo 10. Mtsikana wina wa zaka 12 ndiye anaona chachilendo: "Tafupikitsa kanayi, koma nthawi yangotsika ndi theka." Musamufotokozere masamu ake. Mupatseni ntchito ina: apeze chingwe chomwe chingatenge masekondi 15. Ambiri amayesa pakati penipeni pa 25 ndi 100, cha m'ma 62, n'kupeza kuti chikuchedwa. Amadula pang'onopang'ono mpaka kufika pafupi ndi 56. Sabata yotsatira, lembani masekondi pamzere pakhoma, gulu lililonse lipachike chingwe chake pansi pa nambala yake. Manati olendewerawo amajambula okha mzere wokhota, galafu yoti mwana akhoza kuigwira ndi dzanja. Pamenepa m'pomwe mungatchule kuti Galileo, wasayansi wa ku Italy, anazunguza mutu ndi chinthu chomwechi zaka zoposa 400 zapitazo. Mukamutchula koyambirira, ana amangodikira kuti muwauze zomwe iye anapeza.

Siyani mphindi 20 zomaliza kuti magulu auzane zomwe apeza, aliyense alembe chiganizo chimodzi cha zomwe akudziwa tsopano ndi funso limodzi lomwe latsala. Mafunso amenewo ndiwo mbewu ya masabata akubwera. Kutolera ndi kusesa n'kwa ana omwe.

6. Tulukani panja: tauniyo ndi labotale

Pali maganizo akuti mwana wa m'tauni ndi wosauka pa za chilengedwe chifukwa alibe nkhalango kapena mtsinje woyera. Ine ndimaona kuti ali ndi mafunso ochuluka pakhomo pake penipeni, ndipo ndi mafunso omwe amamukhudza.

Kutentha ndi poyambira pabwino. Ana ayeze pamsewu wa phula, pansi pa mtengo, pafupi ndi khoma la konkire ndi pa udzu ngati ulipo, ola limodzimodzi, themomita ili pamtunda wofanana kuchokera pansi. Aitchinge ndi katoni kuti dzuwa lisaiombe, apo ayi akuyeza kutentha kwa themomitayo, osati kwa mpweya. Abwerezenso madzulo. Adzapeza okha kuti phula ndi konkire zimasunga kutentha n'kumakutulutsa dzuwa litapendeka, chomwe n'chifukwa china chimene pakati pa mzinda pamatenthera usiku kuposa kunja kwake.

Fumbi nalo limayezeka. Dulani timakadi toyera, jambulani bokosi la masentimita 5 mbali zonse ndi timabokosi ta sentimita imodzi mkati mwake, pakani Vaseline pang'ono kwambiri. Pachikani kena m'mbali mwa msewu waukulu, kena kuseri kwa nyumba, kena m'chipinda. Kakadi kamodzi mukatsekere m'thumba lapulasitiki ndipo musafotokoze chifukwa chake, afunseni iwo. Pakatha masiku 7, awerenge timadontho ndi galasi lokuza. Pachikani ochulukirapo, chifukwa ena adzabedwa, ena mvula idzawanyowetsa. Auzeninso zoona: khadi limagwira fumbi lalikulu lokha. Tinthu toopsa kwambiri ku mapapo, totchedwa PM2.5 chifukwa sitiposa mamaikulomita 2.5 (milimita imodzi ili ndi mamaikulomita 1,000), galasi la m'manja silingatione. Kudziwa pomwe chipangizo chako chimalekezera ndi sayansi ndithu.

Foni imodzi ya wamkulu imakwana poyeza phokoso. Pulogalamu ya phyphox, yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, ndi yaulere ndipo imagwiritsa ntchito zomvera zomwe zili kale m'foni. Manambala ake a phokoso musawatenge ngati a chipangizo cha akatswiri, koma poyerekeza malo awiri ndi foni yomweyo amathandiza. Mukapeza khoma lalitali lokhala ndi bwalo patsogolo, imani mamita 50 kuchokera pakhomapo, wina aombe matabwa awiri. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho kupita ndi kubwera kumatenga pafupifupi sekondi 0.3. N'kochepa kwambiri kuti chala chiyeze, ndipo ana amene anachita za katungwe adzadziwa chochita: kuomba mobwereza motsatana ndi mawu obwererawo, n'kuwerenga maulendo ambiri. Gulu likakhwima, mukhoza kuona za pulogalamu ya GLOBE, yomwe inayamba mu 1995 ndipo yakhala ikusonkhanitsa miyeso ya mitambo, mvula ndi kutentha kuchokera kwa ana a m'mayiko oposa 100.

7. Otsogolera: aphunzitseni kutseka pakamwa

Anthu othandiza m'tauni sasowa: ophunzira a ku koleji, okonza magetsi, anamwino, okonza mafoni, aphunzitsi opuma. Chodabwitsa n'chakuti wodziwa kwambiri sayansi nthawi zambiri ndiye amavuta. Mwana akangokakamira, iye walanda kale waya n'kulumikiza, babu layaka, mwana waombera m'manja ndipo sanaphunzire kanthu. Ife tinaika lamulo loti wamkulu akafika patebulo la ana, manja ake azikhala kumbuyo. Ngati LED sikuyaka, asanene kuti mwendo wautali umapita ku mbali ya + ya batire. Afunse: "Miyendo iwiriyi ikufanana? Wayesa kutembenuza?"

Mary Budd Rowe, yemwe ankafufuza kaphunzitsidwe ka sayansi ku America, anapeza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amangodikira pafupifupi sekondi imodzi. Akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho a ana ankatalika ndipo ana ambiri ankayankha nawo, kuphatikizapo aja osalankhula. Masekondi atatu amamveka ngati chaka ukaima pamaso pa ana. Werengani chamumtima. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtsogoleri aliyense ayese yekha phunzirolo ndi zipangizo zomwezo tsiku lisanafike, pakuti zolembedwa pa intaneti zambiri sizitheka ukazigwira. Aphunzire kunena kuti "sindikudziwa, tiyeni tiyese." Musawapemphe kudzipereka mpaka kale; apempheni masabata 10, muwabwezere ndalama yoyendera, ndipo pakutha pa tsiku mukhale nawo mphindi 10 kukambirana chomwe chavuta. Computer Clubhouse, kalabu ya makompyuta yomwe Mitchel Resnick ndi Natalie Rusk anayambitsa ku Boston mu 1993 kuti ithandize achinyamata a m'madera osauka, inakhazikika pa maganizo omwewa: wamkulu ndi mnzake wa mwana pantchito yomwe mwanayo wasankha.

8. Zoopsa zomwe si zongoyerekeza

Izi zilembeni pachitseko cha kabati. Magetsi a pasoketi asakhudzidwe. Mabatire aang'ono amakwana pa chilichonse chomwe mungafune. Batire la galimoto ayi. Ana asamasule wailesi yakanema yakale kapena maikulowevu, chifukwa mkati mwake muli zida zosunga mphamvu ya magetsi ngakhale mutazula pulagi. Mankhwala oyeretsera okhala ndi klorini asasakanizidwe ndi vinega, asidi aliyense kapena amoniya, amatulutsa mpweya wa poizoni. Vinega ndi soda m'botolo lotseka zimaphulika. Pakamwa pa botolo ikanipo baluni, osati chivindikiro. Moto wa sipiriti suoneka bwino masana, ndipo kuthira sipiriti kuchokera m'botolo pafupi ndi lawi kwawotchapo ana ambiri m'makalasi. Ngati mulibe munthu wozolowera, za moto zisiyeni.

Timabatire tokhala ngati mabatani ndi timaginito tating'ono tamphamvu muziwerenga potulutsa ndi pobweza. Timeneti tikapita kunyumba m'thumba la mwana, kamng'ono kake ka zaka ziwiri n'kumeza, ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo. Dzuwa asaliyang'ane ndi galasi lililonse. Zomeretsa nkhungu zikhale m'chidebe chomata ndi selotepi ndipo zitayidwe chosatsegula. Madzi osefedwa ndi mchenga ndi makala amaoneka oyera koma tizilombo timakhalamobe, wina asalawe. Bokosi la chithandizo choyamba likhale poonekera, ndipo wamkulu mmodzi adziwe kuligwiritsa ntchito.

9. Ndalama ndi malipoti

Ndalama ya bungwe isadutse m'thumba kapena m'foni ya munthu mmodzi. Tsegulani akaunti yosainira anthu awiri, sungani lisiti lililonse, ndipo mwezi ukatha wina amene sagwira ndalama aone mabuku. Pa bajeti, zomwe anthu amaiwala ndi zomwe zimatha: mabatire, selotepi, makope, sopo, ndalama yoyendera ya otsogolera, ndi kachakudya pang'ono, popeza mwana wanjala sawerenga maulendo 10 molondola. Wina akafuna kukupatsani chipangizo chachikulu, mufunseni za zosinthira zake ndi wokonza chikawonongeka. Ana musawalipire kuti abwere. Mukayamba, tsiku lomwe ndalama idzathe kalabu yatha.

Opereka thandizo ambiri amafunsa kuti mwafikira ana angati, ndipo pamakhala chiyeso chochititsa tsiku limodzi lalikulu la ana 500 kuti nambala ikongole. Zoterezi ndi chikomekome cha mkuyu. Nambala yomwe ine ndimaikhulupirira ndi ya ana omwe anabwera sabata yoyamba ndipo akadalipo sabata ya 10, atsikana angati, anyamata angati. Sungani kaundula wa obwera. Mwana akajomba kawiri motsatizana, funsani chifukwa. Nthawi zambiri si kutopa ndi sayansi, koma akulera mng'ono wake kapena akuthandiza pa geni ya makolo, ndipo mwina kusuntha ola kungamubweze. Mu lipoti, ikani tsamba la kope la mwana la sabata yoyamba pambali pa la sabata ya 10, dzina litabisidwa. Loyamba limati "inayenda mwachangu." Lachiwiri lili ndi tebulo, miyeso itatu ndi mawu akuti "mwina tinalakwitsa powerenga, tibwereze." Lembaninso zomwe zinakanika. Wopereka ndalama amene sangapirire kumva zolephera adzakuvutani mtsogolo, ndi bwino mumudziwiretu.

10. Sabata ya 10, ndi zotsatira zake

Tsekani gawo loyamba ndi tsiku loonetsa makolo. Pasakhale zolankhula zazitali za alendo olemekezeka. Gulu lililonse liime patebulo lake, lifunse makolo kuti alosere kaye, kenako liwapatse chingwe ayese okha. Palibe chokoma ngati kuona bambo akuumirira kuti manati atatu athamanga kuposa imodzi, mwana wawo atapinda manja akudikira.

Pa ana 16 aja, anayi kapena asanu adzafuna kupitiriza. Amenewa ndiwo athandizi a gulu lachiwiri. Frank Oppenheimer atatsegula Exploratorium, nyumba yoonetsera za sayansi, ku San Francisco mu 1969, anaika ophunzira a ku sekondale kuti ndiwo azithandiza alendo pa zoonetsa, ndipo Agastya International Foundation, yomwe inayamba ku India mu 1999 n'kumayendetsa malabotale pagalimoto ndi panjinga zamoto, imaphunzitsa ana kuti aziphunzitsa anzawo. Apatseni udindo weniweni: kuwerenga zipangizo, kukonza matebulo, kuyang'anira gulu limodzi. Lamulo la manja kumbuyo liwakhudze nawonso, ndipo mudzaona kuti limawavuta kuposa akuluakulu. Za makompyuta ang'onoang'ono monga micro:bit kapena Arduino zibwere pano, ana atazolowera kale kuyeza ndi kulemba.

Maikulosikopu athu aja tinawatulutsa mwezi wa 8, titadulitsa kiyi wachiwiri. Choyamba kuikidwa pansi pa galasi chinali fumbi lochokera pakhadi la m'mbali mwa msewu, ndipo ana anakangana theka la ola ngati kanthu kakuda kopindika komwe ankaona kanali ka tayala kapena mwendo wa nyerere. Mwezi wotsatira, chopotokola cha imodzi chinathyoka. Makaniko uja wa manati anaikapo bawuti, ndipo ikugwirabe ntchito, kungoti imalimba pang'ono potembenuza.